Mbale Ziwiri mu Nsalu Yoyera

Lembani penapake mawu awa: chakudya chomwe ine Hudson Chimwaza ndaphika sichinafikepo pa tebulo la munthu chitazizira, ndipo ine mwini wake sindinagogodepo pa khomo la munthu nthawi itadutsa. Ndayendetsa thiraki kuchoka ku Beira mpaka ku Lubumbashi. Ndaphikira mabwana ku Joni. Ndanyamula katundu pa doko ku Dubai dzuwa likusungunula nsapato. Lero ndili ndi vani yangayanga ku Wakefield, dzina langa lolembedwa m'mbali, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi masana ndimavala epuloni yoyera ku sukulu yophunzitsa kuphika. Zonsezi ndinadzipezera ndekha.

Mawu omalizawa ndinawanenapo pa maikolofoni chaka chatha, pa ukwati wina ku Bolton komwe ndinali wophika. Amalume anga a Mayeso, a ku Bolton komweko, omwe anandisunga miyezi isanu ndi itatu nditangofika m'dziko lino, anali atakhala pa tebulo lakutsogolo. Anadzuka, natenga chipewa chawo, n'kutuluka. Kuchokera tsiku limenelo sitinayankhulanenso.

Pa ukwati womwewo mpomwe ndinakumana ndi Mukuka. Anabwera kukhitchini kudzawonjezera mpunga, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba shefu, chakudya chanu nichabwino," anatero m'Chinyanja chake cha ku Zambia. "Koma pakamwa panu pafunika chivundikiro."

Ndinadziwa pomwepo kuti zanga zada.

*

Mukuka ndi wa ku Kitwe. Amasamalira okalamba ku Rotherham, ndipo amakhala ndi azakhali ake a Shirley omwe anamuyitanitsa kuno, pamodzi ndi amuna awo a Friday. Ali ndi chilema chimodzi chokha: amathamanga. Kuzizire bwanji, Loweruka m'mawa mumupeza ku paki akuzungulira makilomita asanu. Ine pofuna kumusangalatsa ndinamuuza kuti ku sekondale ndinkatchedwa Mphepo. Anandigulira nsapato zothamangira, nandiyikira pa foni kachipangizo kowerenga mtunda.

Loweruka lachiwiri la Januwale, Mphepo anaima pa kilomita yachitatu, atagwira mtengo, m'chifuwa mukulira ngati pampu ya njinga.

"Mwaimanso?" Mukuka anabwerera akudumphadumpha pamalo amodzi, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Ndikumanga chingwe cha nsapato."

"Na manja onse awiri pa mtengo? Sabata yatha simunabwere, faifi. Lero mwasiya awiri. Seveni, ba Hudson. Muli na ngongole ya makilomita seveni."

"Ndidzabweza ndi chiwongoladzanja."

Sanaseke. Anasiya kudumpha, nayang'ana kumbali.

"Mverani. Ba Anti akuti mubwere kunyumba pa Sondo ya sabata ya mawa. Akuti mubweretse zamene mumaphika kusukulu kwanu, aone ngati mwamuna wa zaka fote wovala epuloni ni munthu wa nzeru."

"Afuna nyama yanji? Ine ndinaphikirapo nduna!"

"Ba Hudson. Pa 13 hours. Osati faifi pasti. Mukachedwa, musabwere."

Anthu a ku Zambia amawerenga nthawi ngati asilikali. Amatanthauza Lamlungu, wani koloko masana.

"Chavuta n'chiyani, Muku?"

"Bwerani chabe," anatero, n'kuthamanga kukamaliza makilomita ake awiri yekha.

*

Lachinayi, Shefu Maggie anatiphunzitsa payi ya m'mbale. Mayi ameneyu ndi wa konkuno ku Yorkshire, wamfupi, wa mawu ngati belu la sukulu, ndipo sanandiyamikirepo chiyambire. Payi imeneyi saphikira m'chitini. Umayala ufa wokanda ndi batala pa mbale yachitsulo, n'kuthirapo ndiwo, n'kufunditsa ufa wina pamwamba, n'kulowetsa mu uvuni mbale ndi zonse.

Yanga yoyamba inatuluka yolimba ngati tayala.

"Manja ako ndi otentha, Hudson," anatero m'Chizungu chake chomeza mawu. "Batala akusungunuka usanayambe n'komwe. Pita ukawaviike m'madzi ozizira. Ndipo usiye kuyankhula, ufa ukumva."

Ndinaviika manja mpaka zala zinachita dzanzi. Yachiwiri ndinaikamo zanga: nkhuku, anyezi, nsinjiro, ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Ndinaphikira pa mbale ya malemu mayi anga, yoyera ya mkombero wabuluu, yomwe anagula ku msika wa Limbe ine ndisanabadwe. Zilipo ziwiri, ndipo zayenda nane maiko onse aja.

Shefu Maggie analuma, natafuna nthawi yayitali.

"Agogo anga anali ndi mbale ngati imeneyi," anatero. "Iyi ndi payi. Ukupita nayo kuti?"

"Kwa apongozi."

"Ikangotuluka mu uvuni, vundikira ndi mbale inzake, umange ndi nsalu. Isunga kutentha ola ndi theka."

Potuluka ndinapeza uthenga wa Mukuka pa foni: *Musaiwale. 13 hours.*

Ndinayankha kuti: *Kenneth akakhalako?*

Kenneth ndi namwino kuno ku Wakefield, mnyamata wa ku Mchinji amene mayi ake ndi a ku Chipata. Amatsogolera kwaya ku tchalitchi komwe a Shirley amapemphera, ali ndi galimoto lalikulu lokoka matayala onse anayi, ndipo akamapereka moni kwa akuluakulu amawerama mpaka tayi kukhudza bondo. Pa Khirisimasi ndinamuona akunyamulira a Shirley chikwama.

Pa foni panaoneka kuti Mukuka akulemba. Anasiya. Anayambanso. Patapita mphindi zitatu panabwera mawu awiri aja: *Bwerani chabe.*

*

Loweruka ndinachita chinthu chopusa, ndipo ndinachichita monyadira. Ndinatsitsa katundu yense mu vani: mashelefu, zitsulo, matumba a simenti a kasitomala wina. Ndinaitsuka mkati ndi kunja mpaka dzina langa kuwala. Ndinkafuna a Shirley akasuzumira pa zenera aone galimoto ya munthu waukhondo.

Lamlungu ndinadzuka kunja kuli zii, ngati dziko lonse lafunda bulangete. Chipale chofewa, chomwe tonse kuno timangoti sinowo, chinali chitakwirira magalimoto mpaka m'magalasi, ndipo chinali chikugwabe.

Payi inatuluka mu uvuni kota pasiti leveni, yofiirira ngati mkate wa pa ukwati. Ndinaivundikira ndi mbale inzake. Ndinasankha nsalu yoyera kwambiri mwa nsalu zanga za kusukulu, yosita bwino, n'kumanga mfundo pamwamba. Ndinavala suti yanga ya ku Joni. Kuchoka ku Wakefield kupita ku Rotherham ndi ulendo wa mphindi makumi anayi. Ndinali ndi nthawi yotsala yoti ndikaime pa ngodya ndikupesa ndevu.

Pa msewu waukulu panali nyali zofiira zokhazokha. Thiraki ina inali itapingasa, ndipo apolisi ankapatutsira magalimoto onse m'timisewu ta m'midzi. Tinkayenda ngati maliro. Mawaipa ankalephera kuchotsa chipale, ndipo vani inkagwedeza matako pa khona iliyonse. Ndinayang'ana wotchi: thwelofu koloko.

Ndiye kunabwera chitunda.

Sichinali chitunda choti munthu amene anakwera Dedza ndi matani makumi atatu angachitchule n'komwe. Ndinalowa ndi giya yachiwiri, phazi mopepuka. Pakati pake matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi. Ndinachotsa phazi, ndinayesanso. Vani inatsetsereka chammbali, pang'onopang'ono, kulunjika khoma la miyala. Ndinagwira mbale zija ndi dzanja lamanzere, chiwongolero ndi lamanja, ndikuitana mayina a Mulungu onse omwe ndikuwadziwa. Inaima patatsala chikhatho chimodzi.

Mphamvu ya vani yanga ili ku matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko kukakhala kopanda katundu matayala sagwira pansi. Izi ndinazidziwira m'matope a ku Tete zaka makumi awiri zapitazo. Matumba a simenti aja akanandikweza chitunda chimenechi ndikuyimba nyimbo. Ndinali nditawasiya mu garaja kuti a Shirley aone ukhondo.

Ndinaibweza chafutambuyo mpaka pa geti la famu ina, n'kuzimitsa. Foni inati patsala makilomita asanu ndi awiri ndi kanthu. Nthawi inali faifi pasiti thwelofu.

*

Ndikutuluka, mbale zili m'manja, galimoto lakuda linaima pambali panga. Galasi linatsika.

"Achimwene! Zatani kodi?"

Anali Kenneth, atavala juzi ya khosi lalitali. Pampando wakutsogolo panali bambo wina wachikulire wa suti yotuwa, chipewa chili pa maondo.

"Ndikupumitsa injini," ndinatero.

"Pepanitu. Vani zimenezi n'za chilimwe." Maso ake anatsikira pa zomwe ndinanyamula, ndipo nkhope yake inasintha. Anayang'ana bambo uja. Bambo uja anayang'ana mbale, kenako ine, kenako anakhosomola.

"Zimenezo zikupita kwa a Shirley?" anafunsa Kenneth.

"Kumene."

"Mukukapereka nokha? Ndi manja anu?"

"Nanga ndi mapazi? Ine sindituma munthu, Kenneth. Zanga ndimapanga ndekha, n'kupereka ndekha."

Anaseka kaphwete, kuseka kwa munthu amene watola ndalama pa msewu.

"Ndikanakutengani, koma kumbuyoku kwadzaza zoyimbira za kwaya. Mukafike nazo bwino, achimwene. Musakagwetse."

Galimoto lake linakwera chitunda chija ngati palibe kanthu.

Ndinaimba nambala za matakisi awiri. Wina sanayankhe, wina anaseka. Ndinatsegula chitseko cha vani, ndipo pansi pa mpando panali nsapato zija Mukuka anandigulira. Ndinavula nsapato za ku Joni, n'kuvala zothamangirazo. Mbale ndinazilowetsa m'kati mwa jekete lalikulu, pamimba, n'kukoka zipi, manja onse awiri akuzichirikiza pansi ngati mayi wapakati. Kenako ndinayatsa kachipangizo kowerenga mtunda. Ndinati ngati ndifere panjira, Mukuka adzaone kuti ndinafera pa kilomita yachingati.

*

Kilomita yoyamba inali chitunda chija. Mapazi ankalowa mpaka m'akakolo, chipale chikundimenya kumaso ngati mchenga. Yachiwiri inali yotsetsereka, ndipo ndinaphunzira kuponda m'mbali momwe magalimoto sanasalaze. Kutentha kwa mbale kunkandiwotcha pamimba, pomwe makutu ndinali nditasiya kuwamva.

Pa yachitatu chifuwa chinayamba pampu yake ija. Apa ndi pomwe Mphepo amaima masiku onse. Panali ngakhale mtengo wabwino woti n'kugwira. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo ndinaitulutsa ndi zala ziwiri.

*Muli kuti? Alendo afika kale.*

Alendo ati? Ndinaibwezera m'thumba. Ndinakumbukira zomwe Mukuka amandikalipira ku paki: masitepe afupiafupi, mapewa pansi, pumirani m'mimba. Ndinadutsa mtengo uja.

Pa yachisanu ndinagwa. Phazi linaponda madzi oundana obisika pansi pa chipale, dziko n'kutembenuka. Munthu akamagwa amatambasula manja. Ine manja anali ndi ntchito, choncho ndinapereka bondo ndi phewa. Ndinagona chagada ndikuyang'ana kumwamba koyera, ndikumvetsera ngati m'kati mwa jekete mwasweka kanthu. Thalauzi la suti linali litang'ambika pa bondo, magazi akuwonekera. Mfundo ya nsalu inali chimangire.

Foni inanjenjemeranso. *Ba Hudson, napapata.* Mawu amenewo ndi a kwawo, ndipo amawanena pokhapokha akamachonderera.

Nthawi inali 12:41. Ndinadzuka.

Za makilomita awiri omaliza sindikumbukira zambiri. Ndikukumbukira ana akuseweretsa chipale m'misewu ya Rotherham akundikuwiza, ndi mayi wina wa galu amene anandifunsa ngati ndikufuna ambulansi. Ndikukumbukira nyumba zofiira zogundana, zonse zofanana, ndi ine ndikuwerenga manambala mokweza.

Kutsogolo kwa nyumba ya a Shirley kunali galimoto lakuda lija, injini ikulira. Kenneth anali m'kati, yekha. Ndinasangalala mumtima. Ndinati taonani, ngakhale kumulowetsa sanamulowetse.

Ndinagogoda. Wotchi inati 12:58.

*

Anatsegula ndi a Shirley, mayi wamtali wa duku lobiriwira. Anayang'ana nsapato zanga, bondo langa, thukuta lomwe linkatsika m'ndevu.

"Mwafika," anatero, ngati akunena za matenda.

Pa balaza panali a Friday pa mpando wawo waukulu, ndi bambo wa suti yotuwa uja atagwira kapu ya tiyi. Mukuka anali ataima pa khomo la kukhitchini, atavala chitenje, ndipo atandiona anatseka maso n'kupuma. Ndinati lero aona kuti ku Malawi timaleredwa. Ndinatsegula zipi, ndinatulutsa mbale zija mu nsalu yake yoyera, ndinagwada ndi bondo lamagazi lomwelo, n'kuzipereka kwa a Friday ndi manja awiri.

"Bambo, ndabwera ndi kanthu kochepa. Mulandire."

Mukuka anatsegula maso, nagwira pakamwa.

"Yangu!" anatero a Shirley.

Bambo wa suti anaika kapu pansi pang'onopang'ono. A Friday sanatambasule manja.

"Mwana wanga," anatero, "wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndabwera ndekha. Ine zanga zonse ndimachita ndekha."

"Mwamva?" a Shirley anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva, ba Friday? M'nyumba mwanga! Monga abwera kugula mbuzi!"

"Ba Anti, sadziwa," anatero Mukuka.

"Iwe khala chete!"

A Friday anakweza dzanja. Ndi munthu wofatsa, woyankhula ngati akuwerenga kalata.

"Ba Chimwaza, munapitako ku Zambia?"

"Kambirimbiri, bambo. Chipata, Lusaka, Kapiri, Kitwe kwenikweniko. Misewu yonse ndimaidziwa."

"Misewu muidziwa. Manje mverani za m'nyumba. Kwathu, mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa mu nsalu yoyera, timati tumbale. Mkati timaikamo kandalama. Tanthauzo lake ni limodzi chabe: tifuna mwana wanu akhale mkazi wathu. Ndipo mwamuna sabweretsa yekha. Amatuma akulu a kwawo, iye n'kuyembekeza panja."

Panja. Ndinamva injini ya galimoto lakuda ikulira kuseri kwa zenera.

A Friday analoza pamwamba pa kabati. Pakati pa zithunzi ndi maluwa apulasitiki panali mbale ziwiri zovundikirana, mu nsalu yoyera.

"Izo zinabwera masabata awiri apita, na bambo awa, m'malo mwa ba Kenneth. Mukuka anapempha nthawi. Lero abwera kumva yankho. Mtsikana akavomera, amamasula nsalu na manja ake."

Ndinayang'ana Mukuka. Iye ankayang'ana pansi.

"Manje kambani," anatero a Shirley, ataima pamwamba panga manja ali m'chiuno. "Ivi mwabweretsa ni chakudya cha masana, olo ni tumbale? Ngati ni chakudya, tizadya, tizakuyamikani, muzapita, ise tipitirize nkhani ya anthu olongosoka. Ngati ni tumbale, mwatinyoza pamaso pa alendo. Sankhani."

Ndayankhulapo ndi asilikali a pa boda mfuti zili pachifuwa, koma sanandifunsepo funso longa ili. Ndikati n'chakudya, ndiye kuti ndanena pamaso pa onse kuti kwa Mukuka ndimangodzathamanga. Ndikati ndi tumbale, ndanama, ndiponso ndanyoza. Bondo linkapweteka. Mbale zinali zikadali m'manja mwanga.

Ndinaziika pansi, pa kapeti.

"Mayi, bambo, ndalakwa. Mwambo wanu sindimaudziwa, ndipo sindinafunse. Muno mulibe ndalama. Muli payi ya nkhuku yomwe ndaphika m'mawa uno, pa mbale za malemu mayi anga. Koma ngati mbalezi zafunsa funso m'malo mwanga, ine funsolo sindilibweza. Ndi lomwe ndakhala nalo chaka chathunthu, ndikuopa kulifunsa."

"Bambo Friday," anatero wa suti uja, "izi si zoona. Ife tinabwera mwa dongosolo."

"Munabwera mwa dongosolo, zoona," anavomera a Friday. "Mukuka. Bwera kuno."

Anabwera, nagwada patali pang'ono ndi ine.

"Umudziwa munthu uyu?"

"Nimudziwa, ba Ankolo."

"Mukuka," anatero a Shirley motsitsa mawu, "ganiza bwino. Ganiza wamene anakubweretsa kuno. Ganiza atate ako."

Mukuka anayang'ana pa kabati. Anayang'ana azakhali ake. Kenako anakoka mbale zanga, nayamba kulimbana ndi mfundo yomwe ndinaimanga ngati ndikumanga katundu wa ku Lubumbashi. Inamutengera nthawi. Nsalu inagwa, iye n'kuchotsa mbale yapamwamba.

Nthunzi inakwera. Yochepa, koma aliyense anaiona. Fungo la nsinjiro ndi kambuzi linadzaza balaza. Payi inali itang'aluka mbali imodzi, pomwe ndinagwera paja. Mukuka anabenthula pomwepo, naika m'kamwa, natafuna akuyang'ana azakhali ake m'maso.

*

"Payi si tumbale!" anakuwa a Shirley. "Palibe chamene chachitika pano! Mwana walawa chakudya, basi!"

Wa suti anali ataimirira, chipewa chili m'manja. A Friday anawakhazikanso pansi. Kenako anawerama, nabenthula nawonso kachidutswa.

"Ikali yotentha," anatero modabwa. "Mwachoka nayo ku Wakefield?"

"Makilomita omaliza wapansi, bambo."

Anagwedeza mutu, napukuta zala.

"Mverani chigamulo. Ba Shirley akamba zoona, payi si tumbale. Koma naine nili na maso, naona zamene mwana wachita. Mbale za ba Kenneth zizakhala pa kabati, chifukwa atate ake a Mukuka ku Kitwe anamva kale za ba Kenneth ndipo anakondwera. Imwe ba Chimwaza, tikupatsani masabata awiri. Mutume munthu wamkulu wa magazi anu. Osati mnzanu wa vani, osati abusa. Wa magazi. Abwere na tumbale twenitweni, apepese za lero. Akapanda kubwera, nizatumira foni ku Kitwe kuti kuli mbale za munthu mmodzi chabe."

"Azamupeza kuti?" anatero a Shirley. "Tinaliko ku Bolton ise. Tinamva na makutu athu pa maikolofoni. Uyu alibe munthu, anazipanga yekha. Amalume ake anatuluka misozi ili m'maso."

Za misozi sindinkazidziwa.

"Chinanso," anatero a Friday. "Munthu amene wafunsa mwana wathu sadya pamodzi na ise, sakhala pa mipando yathu. Muyembekeze panja monga mnzanu."

Ndinatuluka m'mimba muli kulira, ndikusiya payi yanga pa kapeti.

*

Chipale chinali chitasiya kugwa. Galasi la galimoto lakuda linatsika.

"Safunsa anadya phula, achimwene," anatero Kenneth. "Mwapereka nokha?"

"Ndapereka. Ndipo zamasulidwa."

Kumwetulira kuja kunazima. Anatsegula pakamwa, koma chitseko cha nyumba chinatseguka, Mukuka n'kutuluka atafunda jasi la a Friday, ku mapazi kuli masilipasi. Sanayang'ane galimoto. Anandikokera kuseri kwa mpanda wa maluwa.

"Masabata awiri, Muku," ndinatero. "Mbale za munthu zili pa kabati masabata awiri, iwe ukundiwerengera makilomita?"

"Nikanakuuzani mukanachita chani? Mukanabwera na maikolofoni. Ninafuna ba Anti akuoneni monga munthu poyamba, mudye nawo, museke nawo, kuti nikakana ba Kenneth adziwe chifukwa. Sininadziwe kuti muzabwera na nsalu yoyera!"

"Anandiuza ndi Shefu Maggie."

Anafuna kuseka, koma m'maso munali misozi.

"Ba Anti sazanikhululukira. Nikhala m'nyumba mwawo, ba Hudson. Nadya payi yanu pamaso pawo. Manje imwe muzapita ku Bolton?"

"Amalume aja sangandilandire."

"Sininafunse za iwo. Nafunsa za imwe."

Ine amene ndili ndi yankho pa chilichonse, ndinangoyang'ana bondo langa. Kupita ku Bolton kunatanthauza kugwada pakhomo pa munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu mazana awiri, n'kunena ndi pakamwa panga pomwepa kuti sindinadzipange ndekha.

Pa zenera panagogodedwa mwamphamvu. A Shirley anali atakoka katani. Kuseri kwa mpanda ndinamva chitseko cha galimoto chikutseguka, ndi mawu a Kenneth akuyankhula pa foni mwaulemu wake uja: "Ee, atate, muli bwanji ku Kitwe? Pali kankhani kochepa kamene ndati mumve msanga."

Mukuka anamva nayenso. Nkhope yake inauma. Analowetsa dzanja m'thumba la jekete langa, natulutsa foni yanga. Kachipangizo kaja kanali kakuwerengabe. Anakazimitsa, nayang'ana nambala, n'kunditembenuzira kuti ndione: 7.3.

"Ngongole yanu yatha," anatero. "Makilomita seveni, mwabweza onse. Mamita mazana atatu apamwambawa sungani, ba Hudson. Muyambire pamenepo ulendo wa ku Bolton."